Tibwezereni wailesi yotikhazika pansi

Ku South B, dera la mumzinda wa Nairobi komwe ndimakhala, kuli malo awiri amene amandiganizitsa za wailesi. Kuli sukulu ya Kenya Institute of Mass Communication, imene inayamba mu 1961 pophunzitsa amisiri a nyumba youlutsira mawu ya boma. Kulinso chipatala cha Mater, chimene masisitere a Sisters of Mercy anatsegula mu 1962. Chaka ndi chaka chipatalachi chimaitanira anthu ku Mater Heart Run, kuti athamange n'kusonkha ndalama zochitira opaleshoni ana odwala mtima. Kwinaku amaphunzitsa kulankhula ndi mtundu wonse, kwinaku amapempha mtundu wonse kuti uthandize. Wailesi ya m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 inkadziwa kuti ntchito ziwirizi n'zapachibale.

Ku Britain, BBC inayamba mu 1926 pologalamu ya The Week's Good Cause. Lamulungu lililonse munthu mmodzi ankapatsidwa mphindi zochepa kuti apemphere chipatala, ana amasiye kapena anthu osaona, ndipo omvera ankatumiza ndalama kudzera papositi. Mu 1946 BBC yomweyo inatsegula Third Programme, yomwe madzulo inkaulutsa nyimbo za akatswiri akale monga Bach ndi Beethoven, ndakatulo ndi masewero ataliatali. Sewero la Dylan Thomas lotchedwa Under Milk Wood linamveka kumeneko mu 1954. Nyimbo, sewero ndi pempho zonse zinkafuna chinthu chimodzi kwa womvera: akhale pansi, atchere khutu, amve mpaka pamapeto.

Tisaiwale kuti kwathu kuno ku Africa wailesiyo sinabwerere ife. Ku Kenya inayamba kumveka mu 1928, m'Chingerezi, kuti azungu a m'mafamu asasowe nyimbo ndi nkhani zakwawo. Boma lachitsamunda linakulitsa mapologalamu a zinenero za anthu akuda mu 1953, nkhondo ya Mau Mau ili mkati, pofuna kuwakopa maganizo. Ku Lusaka nako wailesi inayamba mu 1941 kuti anthu azimva za Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse monga momwe boma linkafunira.

Koma makolo athu chida anachilandira n'kuchigwiritsa ntchito yawo. Nkhondo Yachiwiri ija itatha, Central African Broadcasting Station ya ku Lusaka, motsogozedwa ndi Harry Franklin, inayamba kuulutsira anthu a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland m'Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona ndi Chindebele. Mu 1949 kunabwera wailesi yotchipa ya Saucepan Special, yooneka ngati sefuliya, yoyendera batire, ya mapaundi 5. Wogula anali mmodzi, omvera anali mudzi. Pa wailesi ya ku Lusakayo Alick Nkhata, wobadwa mu 1922, ankaimba ndi gitala lake komanso kujambula nyimbo za m'midzi n'kuziulutsa. Anthu anamva nyimbo za akatswiri awoawo zikutuluka m'chida chomwe chija chinkatulutsa za ku Ulaya.

Ufulu utabwera, mbewu ija inabala. Mu 1964 Kenya inakhazikitsa Voice of Kenya, ife ku Malawi tinakhazikitsa MBC. Ku Nairobi, Leonard Mambo Mbotela anayamba pologalamu yophunzitsa khalidwe ya Je, Huu ni Ungwana? mu 1966, ndipo anthu anamukonda mpaka imfa yake mu 2025. Ku Zambia, Julius Chongo ankagwira mitima ndi nthano za Poceza m'Madzulo, munthu mmodzi kusintha mawu n'kukhala mfumu, nkhalamba ndi mwana. Kwathu tinali ndi Kapalepale, Pamajiga, Sewero la Sabata Ino ndi Theatre of the Air. Nthawi ikakwana, mbale zinkadikira, ana ankakhala chete osauzidwa, ndipo m'mawa mwake nkhani kuchigayo ndi kuchitsime inali yomweyo.

Phindu la masewerowa silinali kuseka kokha. Munthu amene wamvera mavuto a mayi wamasiye wa m'sewero kwa theka la ola waphunzira kulowa m'moyo wa munthu amene sanamuonepo. Woulutsa mawu yemweyo akadzanena kuti kwakutikwakuti madzi asefukira ndipo anthu akugona pamtetete, womvera uja sakumva chiwerengero chabe, akumva anthu. Mauthenga achisoni ankamvedwa mwaulemu pachifukwa chomwecho: mawu a pawailesi anali odalirika. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, koma munthu amapatsa akakhudzidwa, ndiponso akakhulupirira amene akupemphayo.

Lero nyumba zoulutsira mawu zachuluka, ku Nairobi ndi ku Blantyre komwe, ndipo n'zabwino kuti palibenso mmodzi wolamula zimene tonse tizimva. Chondidandaulitsa n'chakuti zambiri zikufanana: nyimbo yodulidwa pakati, malonda, mkangano wandale, malonda enanso. Sewero lasanduka mlendo, ndipo likamveka nthawi zambiri limakhala lolipiridwa ndi bungwe lofuna kupereka uthenga wake. Masewero ena otere, monga Zimachitika, anachita bwino ndithu. Koma wolemba amafunikanso mpata wolemba zimene zili mumtima mwake. Nyimbo zofuna kudekha, kaya za zeze, bangwe ndi valimba, kaya za kwaya kapena za Mozart, zilibe ola lake. Mapempho a thandizo asamukira pa WhatsApp ndi Facebook, kumene oona ndi achinyengo amaoneka chimodzimodzi, ndipo opatsa ambiri atopa.

Eni mawailesi adzati sewero n'lodula, ndipo akunena zoona. Limafuna wolemba, ochita sewero, mmisiri wa mawu ndi nthawi yoyeserera. N'chifukwa chake sukulu ngati ya ku South B ija ili yofunika: luso la pawailesi limaphunziridwa, silingobwera ndi mawu okoma. Pamene namondwe wa Freddy anakantha chigawo chakummwera kwa Malawi mu Marichi 2023, magetsi atathima, ambiri anadalira kawailesi ka batire kapena ka m'foni. Wailesi imene anthu amathawirako patsoka iyenera kukhala itawazoloweza kuimvetsera pamtendere.

Pempho langa kwa oyendetsa mawailesi ndi ili. Patulani ola limodzi pasabata la sewero lolembedwa ndi Amalawi, ndipo olembawo muwalipire. Patulani ola lina la nyimbo zoimbidwa mpaka pamapeto, wodziwa akuzifotokoza. Perekani mphindi zisanu kwa chipatala kapena sukulu imene mwaifufuza nokha, ndipo pakatha mwezi mutiuze ndalama zimene zinasonkhedwa ndi kumene zapita. Inu omvera, imbani foni, lembani makalata, funsani mapologalamu amenewa. Eni mawailesi amamvera omvera awo akalankhula.