Saulosi asathere m'mathanki a kunja

Akonzi,

Ndiloleni malo pang'ono m'nyuzipepala yathuyi kuti ndinenepo za kansomba kena ka m'nyanja yathu kamene anthu a kunja amakadziwa kuposa eni akefe.

Kansombaka ndi ka mtundu wa mbuna, nsomba zija zokhala m'miyala. Akatswiri amakatcha Chindongo saulosi. Dzinali linachokera kwa Mmalawi mnzathu, bambo Saulos Mwale, amene ankamira pansi pa madzi kugwirira nsomba malemu Stuart Grant a ku Senga Bay, ndipo analilemba m'mabuku ndi bambo Ad Konings mu 1990. Kutalika kwake n'kongofanana ndi chala cha munthu wamkulu. Kamphongo ndi kabuluu ka mizere yakuda, kakakazi ndi kachikasu. Tiana tonse timayamba tili tachikasu, tamphongo timasintha tikamakula.

Kukongolako ndiko kunakaputira tsoka. Ku Ulaya ndi ku America anthu amakaweta m'mathanki agalasi kukongoletsera nyumba. Koma kwawo kwenikweni pa dziko lonse lapansi ndi pamodzi pokha, pa miyala ya pansi pa madzi ya Taiwanee, kufupi ndi chilumba cha Chizumulu. Ogwira nsomba zogulitsa kunja anapitapita pamenepo mpaka zinachepa, moti mu 2018 bungwe la IUCN linakaika m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu.

Tsono awerengi amvetse mmene kamaswanirana. Kakakazi kakaikira mazira kamawatola n'kuwasunga m'kamwa pafupifupi masabata atatu, osadya kanthu, mpaka tiana titayamba kusambira. Kakamwa ka nsomba yonga chala kangasunge mazira angati? Ndi owerengeka chabe. Choncho ukagwira make mmodzi wachotsa banja lonse, ndipo palibe mwala wina kumene zingachokere zina zodzalowa m'malo.

Chondidabwitsa ine n'chakuti m'thanki kansombaka kamaswana mosavuta. Oweta kunjako ali nato tambirimbiri. Nanga chobwereranso ku Taiwanee n'chiyani? Akuti ogula ena amakonda yochokera m'nyanja mwenimweni ndipo amalipira ndalama zambiri. Kodi kunyada kwa munthu wa ku Berlin kutithere ife mtundu wa nsomba?

Ena anena kuti tili ndi Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984. N'zoona, koma pakiyo ili kummwera, cha ku Cape Maclear. Taiwanee ili kutali, kunja kwa malire ake. Komanso kwathu kuno mbuna sitiziwerengera. Pa zaka zonse zimene ndagwira choko, ana ankatchula chambo, usipa ndi kampango osaphonya, poti ndi ndiwo. Za mbuna, zii.

Pempho langa kwa a nthambi yoona za usodzi ndi ili: chilolezo chotumiza saulosi kunja chiziperekedwa pa nsomba zoswedwa m'thanki zokha basi. Ndipo kuswako kuzichitika kuno. Madzi ake tili nawo, dzuwa lilipo, anyamata ofuna ntchito ali mbwee ku Likoma ndi ku Nkhata Bay. Thumba loteteza nsombazi lotchedwa dzina la malemu Grant linayamba kale kubwezera ku Taiwanee saulosi woswedwa m'thanki, ndiye njira yake si yachilendo.

Koma obwezerawo asamale. Mbuna za mitundu yosiyana zikaikidwa m'thanki imodzi zimakwerana n'kubala zosakanizika. Pa chilumba cha Thumbi West panatayidwa kale nsomba zochokera mbali zina za nyanja, ndipo zina zinakwerana ndi za pomwepo. Saulosi wopita ku Taiwanee akhale woti makolo ake akudziwika bwino, ndipo a boma azimuona asanamutsitsire m'madzi.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Nkhata Bay.