CHENJEZO: Musatumize ndalama za bokosi la mafilimu a makawuboyi ndi a nkhondo musanalione

Anthu a ku Lundazi, a pa Boma ndi a m'midzi ya mafumu Mwase, Kapichila ndi Mphamba, pamodzi ndi abale athu a ku Lumezi ndi ku Chasefu, tamverani. Munthu akakuuzani kuti kukubwera bokosi la zimbale za mafilimu akale a makawuboyi ndi a nkhondo, kuti mabokosiwo ndi ochepa ndiye mutumiziretu ndalama pafoni kuti akusungireni lanu, musatumize ngakhale ngwee imodzi. Mukawauzenso atate anu, amalume anu ndi aphunzitsi opuma pantchito a m'mudzi mwanu, chifukwa msamphawu watcheredwa iwowo. Anyamata a masiku ano sakomeka ndi John Wayne.

Akathyali amadziwa bwino kalendala ya mlimi. Amadziwa miyezi imene soya, mpendadzuwa, thonje ndi fodya zimagulitsidwa, amadziwanso nthawi imene FRA imalipira chimanga. Ndalama zikangolowa m'foni, mauthenga okoma amayamba kuyenda pa WhatsApp ndi pa Facebook. Chithunzi chake chimakhala chokongola ndithu: bokosi lonyezimira, nkhope ya Clint Eastwood ataluma ndudu, ndi mndandanda wa mayina amene mdala aliyense amawadziwa, monga The Good, the Bad and the Ugly, The Magnificent Seven, Django, The Guns of Navarone, The Great Escape ndi Where Eagles Dare. Chithunzi chotere munthu amachitenga pa intaneti m'kamphindi kochepa. Sichisonyeza konse kuti bokosilo lili m'manja mwake.

Mukatumiza ya poyamba ija amaitcha "dipoziti", nkhani siithera pomwepo. Mawa mumva kuti katundu wagwidwa pa Nakonde kapena pa Chirundu ndipo a ZRA akufuna msonkho. Mkuja mumva kuti bokosi lakwera basi ya ku Lusaka koma kondakitala akukana kulitsitsa pa Chipata popanda kangachepe. Ulendo uliwonse ndalama yake imaoneka yaing'ono poyerekeza ndi imene mwataya kale, ndiye mtima umati bola ndimalizitse. Tsiku limene mudzati zakwana, nambala ija idzakhala itazima. Kawirikawiri simu yake imakhala yolembetsedwa m'dzina la munthu wina amene sadziwa kanthu. Ena amafika pokuimbirani ngati ogwira ntchito ku Airtel Money kapena ku MTN MoMo, n'kumati kuti akubwezereni ndalama muwauze PIN yanu. Kampani ya foni siifunsa PIN. Wofunsa PIN ndi wakuba, kaya alankhule Chingerezi chosalala bwanji.

Sindikuseka amene akulilakalaka bokosili, chifukwa chilakolakocho chili ndi mizu yake. Makolo athu ambiri a kuno kum'mawa anapita kukagwira ntchito ku migodi ya ku Copperbelt, ku Wankie ndi ku Joni, ndipo kumeneko kanema wa usiku m'makomboni anali chisangalalo chachikulu cha sabata. Mayi wina wofufuza za chikhalidwe, Hortense Powdermaker, anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, ndipo m'buku lake lotchedwa Copper Town la mu 1962 anafotokoza mmene anthu ankakondera mafilimu a makawuboyi, mmene ankakuwira ndi kuimirira ndewu ikayamba, ndiponso kuti ngwazi ya mufilimu iliyonse ankangoitchula kuti Jack. Ana ankasema mfuti zamitengo n'kumayenda chotang'adza ngati atsika pahatchi. Kumidzi kuno kanema ankabwera pagalimoto ya boma, nsalu yoyera n'kuipachika pabwalo la sukulu. Kenako kunadza nthawi ya matepi a VHS ndi tinyumba ta vidiyo pamisika, kumene Rambo, Commando ndi Chuck Norris analanda ufumu wa Jack, ngakhale Terence Hill ndi Bud Spencer sanachoke m'mitima ya anthu. Munthu amene anakula ndi zimenezi, lero ali ndi sola padenga ndi ka TV m'nyumba, akamva kuti zonse zija azipeza m'bokosi limodzi, n'zosadabwitsa kuti dzanja limathamangira kufoni. Wakuba akudalira chikondi chimenechi.

Tsono tiyerekeze kuti wogulitsayo si wothawa ndi ndalama, bokosi lafikadi. Apanso pali maenje angapo, ndipo ndi pamene ndikufuna mumvetsetse.

Chimbale wamba cha DVD chimanyamula 4.7 GB, ndipo chamagawo awiri chimanyamula 8.5 GB. Malo amenewa ndi okwanira filimu imodzi yooneka bwino, mwina ziwiri zazifupi. The Longest Day ya mu 1962 yokha imatenga pafupifupi maola atatu, chimodzimodzinso The Good, the Bad and the Ugly ya mu 1966. Choncho mukaona chimbale cholembedwa "20 in 1" dziwani kuti mafilimuwo achita kuwafinya mpaka chithunzi kusanduka timabokosi tosaoneka bwino, mawu kutsalira m'mbuyo mwa milomo, ndipo zina kuzidula kumapeto. Palibe chowawa ngati kukhala maola awiri kudikira kuti amuna atatu a mu The Good, the Bad and the Ugly ayang'anizane kumanda, chimbale n'kuima pomwepo. Tembenuzani chimbalecho muone kunsi kwake. Chochokera kufakitale chimakhala chasiliva, nthawi zina chagolide pang'ono. Chikakhala chofiirira kapena chabuluu, ndi chojambulidwa pakompyuta ya munthu, ndipo zotere sizichedwa kufa, makamaka ndi kutentha kwa mwezi wa Okutobala ndi fumbi lathuli.

Ngakhale bokosi lenileni, lochokera ku kampani yake, lingathe kukukanani. Opanga mafilimu anagawa dziko lapansi m'zigawo, ndipo chimbale chimakhala ndi loko wa chigawo chake. America ndi Canada ndi Region 1. Ulaya, Japan ndi South Africa ndi Region 2. Zambia, Malawi ndi mayiko ambiri a mu Africa ali mu Region 5. Nambalayi imalembedwa kumbuyo kwa bokosi, pakachizindikiro kokhala ngati mpira wa dziko. Makina ambiri otsika mtengo ogulitsidwa m'mashopu mwathu amawerenga zigawo zonse, koma si onse, ndipo simungadziwe za anu musanayese. Palinso nkhani ya PAL ndi NTSC: kuno timagwiritsa ntchito PAL pamene ku America ndi NTSC, ndipo pa TV yakale chimbale cha NTSC chingathe kuoneka chopanda mitundu kapena chithunzi kumangogudubuzika. Choopsa kwambiri n'chakuti mabokosi ambiri atsopano a mafilimu akale akutuluka pa Blu-ray kapena pa 4K. Chimbale cha Blu-ray kukula kwake n'kofanana ndi DVD, chimalowa bwinobwino m'makina anu, koma makina a DVD sangachiwerenge mpang'ono pomwe. Ngati muli ndi mwana ku UK kapena ku Johannesburg amene walonjeza kukutumizirani bokosi lotere, mutumizireni chithunzi cha makina anu ndi dzina lake asanagule, kuti asataye ndalama zake pachabe.

Za chilankhulo musanamizidwenso. Makampani a mafilimuwa satulutsa zimbale zomasuliridwa m'Chichewa kapena m'Chitumbuka. Zomasuliridwa zimene timaziona, zambiri zolowa kuchokera ku Malawi, ndi ntchito ya anyamata okhala ndi kompyuta ndi maikolofoni. Ena mwa iwo ndi aluso ndipo amaseketsa kuposa filimu yeniyeniyo, ndikuvomereza, koma munthu asakulipiritseni mtengo wa "orijino" pa chinthu chotere.

Ena akuuzani kuti zimbale n'zachikale, bola akuikireni mafilimu 200 pafulashi kapena pamemori kadi. Mafulashi achinyengo alipo ambiri: kunja alemba 128 GB, kompyuta nayo imaonetsa 128 GB, koma mkati muli malo ochepa kwambiri, moti mayina a mafilimu amaoneka onse koma otseguka ndi oyambirira okha. Musayese filimu yoyamba yokha. Tsegulani yapakati, tsegulani yomaliza, ndipo iliyonse muithamangitse mpaka kumapeto. Linki yobwera pa WhatsApp yoti muike pulogalamu inayake m'foni kuti muonere zonse mwaulere musaidine, chifukwa mapulogalamu ena otere amawerenga mauthenga anu, kuphatikizapo a ndalama.

Paja akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Gulani kwa munthu amene ali ndi shopu yoti mungabwerereko mawa, pa Boma kapena ku Chipata. Chimbale achiike m'makina inu mukuona, makamaka makina anu omwe ngati mungathe kuwanyamula. Werengani zimbale m'bokosimo ngati zikukwana mmene alembera kunja. Funsani lisiti lokhala ndi dzina la shopu ndi tsiku. Mukatero ndiye lipirani. Ulendo wa ku Chipata, makilomita pafupifupi 180, ndi wodula, koma wopita yekha amabwerako ndi katundu kapena ndi ndalama zake.

Inu eni tinyumba ta vidiyo ndi ogulitsa zimbale pamsika, chenjezoli likukukhudzani kawiri. Lamulo la Copyright and Performance Rights Act la mu 1994, limene linakonzedwanso mu 2010, limaletsa kukopera ndi kugulitsa ntchito za ena popanda chilolezo, ndipo kuyambira mu 2013 boma linayamba kufuna kuti zimbale zogulitsidwa m'dziko muno zizikhala ndi kachizindikiro konyezimira ka hologram. Apolisi akakupezani ndi mulu wa zimbale zabodza, amene anakugulitsani uja sadzakhalapo; katundu wolandidwa ndi mlandu zidzakhala zanu. Komanso onerani chimbale chilichonse nokha musanaonetse anthu. Chikuto chingathe kukhala cha kawuboyi koma mkati mwasakanizidwa zolaula, ndipo kuonetsa zotere ndi mlandu wina pawokha. Ana a yunifolomu asapezeke m'nyumba zanu nthawi ya sukulu. Filimu kukhala yakale sizitanthauza kuti ndi ya ana: The Dirty Dozen ya mu 1967 imathera pa kuwotcha anthu otsekeredwa m'chipinda chapansi.

  

Ngati mwatumiza kale ndalama, musachite manyazi n'kukhala chete, chifukwa manyazi anu ndi amene amapatsa wakuba mpata wobera mnzanu. Musatumizenso ina, ngakhale akulonjezeni kuti ndi yomaliza. Musafufute uthenga wotsimikiza kuti ndalama yapita, chifukwa muli nambala imene kampani ndi apolisi adzaifuna. Imbirani kampani ya foni yanu tsiku lomwelo, kapena pitani kwa ejenti wodziwika akuthandizeni kuimba. Ndalama ikakhala kuti sinatulutsidwe pamakhala mwayi woigwira. Ngati munaulula PIN, isintheni nthawi yomweyo. Nenezani nambala ya wakubayo ku ZICTA poimba *707#, kenako kalembetseni nkhaniyo ku polisi ya Lundazi mutatenga foni yanu ndi zithunzi za zokambirana zonse.

Ngati munagula m'shopu ndipo katunduyo sakugwira ntchito, bwererani naye pamodzi ndi lisiti. Chikwangwani chija amapachika chakuti katundu wogulidwa sabwezedwa n'choletsedwa ndi lamulo la Competition and Consumer Protection Act la mu 2010. Mwini shopu akakana, dandaulani ku CCPC pa nambala yaulere ya 5678 kapena ku ofesi yawo ku Chipata.

A mfumu, a nduna, akulu a mipingo, atsogoleri a makopaletivu ndi a magulu a banki m'khonde, lengezani uthengawu pamisonkhano yanu sabata ino, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, ndalama za mbewu zisanathe kulowa m'mafoni.