Mamina ndi Mlonda, Tileke Kusekana

Anzanga a Fomu 1 mpaka Fomu 4, June ndi July akafika theka la kalasi limakhala ndi chimfine. Wina akangotuluka mamina, enafe timaseka mpaka misozi. Ine ndikuti kusekaku tikusiye, chifukwa tikuseka chinthu chimene chikutiteteza tonsefe.

Mamina ndi timadzi tonanda timene thupi limapanga usana ndi usiku, ngakhale usakudwala. Pafupifupi magawo 95 pa 100 alionse ndi madzi, otsalawo ndi mchere ndi mapuloteni. Ambiri timangowameza osadziwa n'komwe.

Komanso sali m'mphuno mokha ayi. Timadzi tomwetu tili kukhosi, m'mapapo, m'mimba, m'matumbo ngakhale m'maso. M'mphuno timakola fumbi ndi tizilombo ngati ulimbo. Ndani sanaonepo mamina akuda atasesa bwalo la sukulu mu October? Fumbi limenelo likanapita m'mapapo. M'njira za mpweya muli titsitsi tosaoneka ndi maso timene timakankhira makhololo kukhosi kuti atuluke. M'mimba namo muli asidi wamphamvu wogaya chakudya, ndipo timadzi tonandati ndi timene timatchinga kuti asidiyo asawotche mimba yeniyeniyo.

Mwina wina anena kuti, "Koma abale, mamina amanyansa!" Zoona, akatuluka amakhala atanyamula tizilombo timene agwira. Ndiye vuto lili pa katayidwe. Kuminira pansi kenako n'kupukuta dzanja pa desiki, kapena kulavula makhololo pakhonde, kumeneko ndiye kochititsa manyazi. Kansalu koyera m'thumba ndi kusamba m'manja ndi sopo n'zokwanira. Poyetsemula tizitseka pakamwa ndi mkono, ndipo mawindo azikhala otsekula.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti munthu wosekedwa amabisa matenda. Amameza chifuwa kuti anzake asamve. Chonsecho kutsokomola kwa masabata 2 kapena kuposerapo, makamaka ngati makhololo ali ndi magazi, kungakhale chizindikiro cha TB. Kuchipatala amayeza makhololo omwewo kuti apeze kachilombo kake, kamene Robert Koch anakatulukira mu 1882. TB imachizika, ndipo m'zipatala za boma mankhwala ake ndi aulere.

Tsono mnzako akamatsokomola mosalekeza, usamukhale patali n'kumamunena kumbali. Muuze apite kuchipatala, kapena mukawadziwitse aphunzitsi a kalasi yanu. Mayeso a JCE ndi MSCE amafuna munthu wamoyo komanso wathanzi.