Wapeza mapointi angati?

Zotsatira za mayeso a MSCE zikangotuluka ku MANEB, funso limakhala limodzi m'Chemusa monse, kuyambira pamsika mpaka m'minibasi za ku Chirimba: "Wapeza mapointi angati?" Mwana akati 14, azakhali amaimba nthungululu, ena ayamba kale kumutchula kuti adokotala. Akati 28, anthu amangoti, "Zili bwinobe, mwayesetsa."

Ndiye pakapita miyezi, bungwe la NCHE limatulutsa mayina a osankhidwa kupita ku mayunivesite aboma. Wa 14 uja dzina lake palibe. Wa 19 wa nyumba yakuseri walowa uinjiniya ku MUBAS. Apa m'pamene manong'onong'o amayambira: anapereka kangachepe, ali ndi amalume ku Lilongwe. Ine zoterezi ndazimva kambirimbiri, ndipo nthawi zambiri yankho lake limakhala pa pepala la zotsatira lomwelo, pansi pa nambala imene tonse timathamangira.

Tiyambire apa. Pa MSCE, 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, 9 ndi kulephera. Kuti mwana aganiziridwe n'komwe ku yunivesite yaboma, amayenera kukhala ndi ma credit asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo. Mapointi aja timawapeza powonkhetsa maphunziro asanu ndi limodzi amene wachita bwino. Koma osankha sathera pa chiwonkhetso. Kosi iliyonse ili ndi maphunziro ake amene imafuna, ndipo mpikisano weniweni umakhala pamenepo.

Taonani chitsanzo. Mtsikana wapeza 1 m'Chichewa, 1 mu Bible Knowledge, 2 mu Agriculture, 2 mu Geography, 4 m'Chingerezi ndi 4 mu Biology. Mapointi ake ndi 14, ndipo wagwira ntchito yotamandika. Koma masamu ali ndi 7, Chemistry 6. Mnzake wapeza 2 m'masamu, 2 mu Physics, 3 mu Chemistry, 3 mu Biology, 4 m'Chingerezi ndi 5 mu Geography, zomwe zikupereka 19. Onse awiri akalembera uinjiniya, kapena za mankhwala ku KUHeS, wa 19 ndiye ali pabwino, chifukwa wa 14 alibe ngakhale credit ya masamu. Palibe amalume apa. Mtsikana wa 14 akanalembera zauphunzitsi kapena kosi ina yogwirizana ndi maphunziro amene anawala nawo, mwayi wake ukanakhala wina. Koma pa fomu analemba zimene banja linkafuna kumva.

Fomu imeneyo makolofe timaipeputsa kwambiri. Mwana amapita yekha kokalembetsa pa intaneti, kapena amadzaza pa foni ya mnzake bundle ili pafupi kutha, n'kusankha makosi otchuka okhaokha: udokotala, uinjiniya. Onsewo amalimbiranidwa ndi ana a mapointi 6, 7, 8 ochokera dziko lonse. Akalephera pa yoyamba, yachiwiri nayonso ndi phiri lomwelo. Ine ndimati pa makosi amene mwana walemba pakhale imodzi ya maloto, inde, koma pakhalenso ina imene magiredi ake akuifikira bwinobwino. Mayunivesite aboma alipo asanu ndi imodzi: UNIMA ku Zomba, MZUNI ku Mzuzu, LUANAR ku Bunda, MUST ku Thyolo, kuphatikiza MUBAS ndi KUHeS amene anadziimira paokha mu 2021 atachoka mu University of Malawi. Ana athu ambiri amangodziwa awiri apafupiwa, poti amawaona akamadutsa ku Ginnery Corner. Makosi a ku LUANAR kapena ku MUST ena sanawamveko n'komwe.

Akuluakulu ena amandiuza kuti zonsezi n'zachabe, chofunika ndi boma limene mwana amachokera. Akunena za quota, ndipo sindiwadzudzula, chifukwa inalipodi. Inayamba mu 1987 nthawi ya Kamuzu, khoti linaikana mu 1993, Bingu wa Mutharika anaibweretsanso cha mu 2009, ndipo boma linalengeza kuti yathetsedwa mu 2020. Mwana wobadwira ku Chemusa, amene kwawo kwa makolo ake ku Rumphi kapena ku Ntcheu anangopitako pa maliro, ankapikisana ngati wa kumeneko. Lero zimenezo zinapita, monganso anapitira mayeso apadera olowera ku yunivesite amene achikulirefe timawakumbukira. Chatsala ndi magiredi, ndipo magiredi ali ndi tsankho lawolawo.

Ndikutero chifukwa chisankho chachikulu sichichitika mu Fomu 4. Chimachitika polowa Fomu 3, pamene mwana amasiya maphunziro ena n'kutenga ena. Wa zaka 15 akasiya Physics poti aphunzitsi ake ndi aukali, kapena poti anzake onse asiya, watseka yekha zitseko za makosi ambirimbiri osadziwa, ndipo kunyumba palibe amene wafunsa. Timadzazindikira patapita zaka ziwiri. Pena si mwanayo wasiya: sukulu yake ilibe labotale, ilibe mphunzitsi wa Chemistry wokwanira. Mwana wa ku CDSS amene chubu choyesera mankhwala amangochiona m'buku amalemba pepala lomwelo ndi wa ku sekondale yogonera komweko amene wachigwira kuyambira Fomu 1. Kuchotsa quota sikunakonze zimenezi, ndipo pa nkhaniyi ine sindiona kuti tikukambapo mokwanira.

Kunja zinthu amachita mosiyana. Mayunivesite a ku America monga Harvard amafuna mwana alembe chimangirizo chofotokoza moyo wake, aphunzitsi alembe makalata omuchitira umboni, aonenso zimene amachita akaweruka. Mtsikana amene amadzuka 4 koloko kukazinga mandasi a mayi ake asanapite kusukulu angakhale ndi nkhani yoti awerenge. Kuno pa chisankho cha NCHE mandasiwo sawerengedwa. Komabe mwana wofuna thandizo la maphunziro akunja adzafunsidwa zoterezi, choncho makalata a ku kalabu ya sayansi, ku kwaya kapena a u prefect musakulungire nsomba.

Chinanso: pa nyengo imeneyi kumatuluka anthu oimba foni, akuti amagwira ntchito "mkati" ndipo angalowetse dzina la mwana wanu mukawatumizira ndalama pa foni. Mayi wina wogulitsa makala kufupi ndi kwathu anatumiza mpamba wake wonse. Nambalayo mawa lake inali itazima. Ndalama yokhayo yoyenera kulipira ndi yolembetsera imene NCHE imalengeza poyera, ndipo risiti yake muisunge.

Mwana akasankhidwa, fomu ina ikudikira: ya ngongole ku bungwe la HESLGB, limene limathandiza ophunzira osowa pa fizi ndi zofunika zina. Nayo ili ndi tsiku lake lotsekera ndi zikalata zake zotsimikizira mmene banja lilili, ndipo chipinda cha lendi ku Chitawira kapena ku Chikanda ku Zomba sichidikira kuti ngongoleyo ituluke.