Kodi Mwana Afunika Chiphaso Pokwera Ndege?



Mabanja ambiri ochokera ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota adakhazikika ku Mitundu ndi ku Nathenje, kumwera kwa boma la Lilongwe, kumene akuchita malonda a nsomba, zovala ndi magolosale. Chotero ana athu ndi apaulendo: tchuthi chino kwa agogo kunyanja, tchuthi chinacho kwa amalume ku Mitundu. Makolo ena akhala akutifunsa ku madrasa kuti: kodi mwana akamakwera ndege kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre, afunika pasipoti kapena chitupa?

Pasipoti ndi ya munthu wodutsa malire a dziko. Ulendo wonyamuka pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi kukatera pa Chileka ndi wa m'dziko momwe muno, ndiye mwana safunika pasipoti. Wamkulu amaonetsa chitupa chake cha unzika, koma mwana wosakwana zaka 16 alibe chitupachi popeza boma limayamba kupereka pa msinkhu umenewo. Komabe eni ndege angathe kufunsa umboni wa zaka za mwanayo, chifukwa mtengo wa tikiti umatsata msinkhu. Khanda losakwana zaka 2 limafungatidwa pamiyendo ndipo limalipiridwa pang'ono, pamene wopitirira apo amakhala pa mpando wakewake. Funsani zonsezi tsiku logula tikiti. Paja safunsa adadya phula.

Umboni umene tikunenawu ndi chiphaso cha kubadwa. Ndipo tisanamizane, ambiri a ife timakwera basi, osati ndege, koma chiphasochi chikutikhudza tonse. Msewu wa M1 umene umadutsa pa Nathenje uli ndi malo amene apolisi amaimitsa magalimoto. M'chaka cha 2015 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo loletsa kuzembetsa anthu, pakuti ana akhala akutengedwa kukagwira ntchito m'minda ya fodya ndi kukaweta ng'ombe. Munthu woyenda ndi ana amene si ake angathe kufunsidwa kumene akupita nawo. Amalume a mtima wabwino angatenge adzukulu atatu kuti akawalowetse madrasa, koma wapolisi saona mumtima. Chimene angaone ndi chiphaso cha mwana ndi kalata ya makolo ake.

Lamulo la kalembera wa nzika lidakhazikitsidwa mu 2010 ndipo lidayamba kugwira ntchito mu 2015. Limati mwana aliyense alembetsedwe pasanathe masabata 6 chibadwire. Ntchitoyi ili m'manja mwa bungwe la NRB, lomwe lija lidalemba akuluakulu oposa 9 miliyoni mu 2017. Mwana wobadwira kuchipatala amalembetsedwa komweko, choncho mayi asatuluke osafunsa za fomu yake. Wobadwira kumudzi, kapena amene adakula osalembetsedwa, makolo ayambire kwa a mfumu kuti awachitire umboni, kenaka apite ku ofesi ya kalembera kwa DC, atatenga zitupa zawo ndi kabuku ka kusikelo.

Ulendo ukakhala wotuluka m'dziko, nkhani imakula. Mwana aliyense, ngakhale wa kubere, amafunika pasipoti yakeyake, kaya ndi wa ku Umra kaya ku Joni kumene abale athu ambiri akugwira ntchito. Mu June 2015 dziko la South Africa lidalamula kuti mwana wolowa m'dzikomo aonetse chiphaso cha kubadwa chotchula makolo ake. Lamuloli adalifewetsa mu 2019 kwa ana achilendo oyenda ndi makolo awo, koma mwana woyenda yekha amafunikabe kalata ya chilolezo cha makolo.

Ife Asilamu tichenjerenso pa nkhani ya maina. Mwana mmodzi amakhala Yusufu kunyumba, Yusuf ku madrasa, ndipo akachokera ku jando amabwera ndi dzina lina. Dzina la pa tikiti likasiyana ndi la pa chiphaso, ulendo ungathe kulephereka pa khomo penipeni. Sankhani kalembedwe kamodzi ndipo kakhale komweko kusukulu, kuchipatala ndi ku madrasa.

Kulembetsa mwana si chinthu chachilendo pa Dini yathu. M'Surat Al-Ahzab, Allah (S.W.T.) akutilamula kuitana ana ndi maina a abambo awo, ndipo kusunga mtundu wa munthu ndi chimodzi mwa zinthu zimene Sharia imateteza. Chiphaso chimasunga dzina la bambo ndi la mayi ngakhale onsewo atamwalira. Chimathandiza mwana wamasiye pogawa chuma, ndiponso chimaikira umboni mtsikana amene ena akufuna kumukwatitsa asanakwane zaka 18 zimene malamulo a dziko lino amanena.

Tsono tikupempha ma Shehe ndi aphunzitsi anzathu kuti polemba ana m'kaundula wa madrasa azifunsa za chiphasochi, ndi kuthandiza makolo osadziwa kulemba. Inunso makolo, tsiku lachisanu ndi chiwiri pamene mukumeta mwana, kumupatsa dzina ndi kuzinga mbuzi ya akika, funsanani ngati dzinalo lalembedwa ku boma. Mwana ndi amana imene Allah adatisungitsa, ndipo tidzafunsidwa za iye.

Allah atisungire ana athu pa maulendo awo onse. Ameen.