Chaka chatsopano: tisasesere alendo okha

Chaka chatsopano tachiona. Kuchokera ku Meluluca, kudzera pa Metangula ndi Messumba mpaka ku Cobué, masiku a Khirisimasi mabwalo athu anali owala. Amayi anazira makhonde, ana anasesa mpaka pamsewu, abambo analambula udzu wa kumaso kwa nyumba. Zonsezi ndi zabwino. Koma ndikufunseni, ndi angati mwa ife amene anakoka katoni ija ili kunsi kwa bedi n'kuona zimene zilimo?

Ine ndikuona kuti ambiri timasesera alendo. Mlendo amafikira pakhonde, amadya kondowole wake n'kutsanzika. Safika kuseri kwa chitseko kapena kunsi kwa bedi. Amene amafikako tsiku ndi tsiku ndi atatu: khoswe, udzudzu ndi mwana wanu wokwawa.

Dzinja lapitali tinatsala pang'ono kutaya mwana wa achemwali anga, wa zaka 2. Alamu anga ndi asodzi, ndipo anasunga petulo wa injini ya boti m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi, kuseri kwa chitseko, pamulu wa maukonde akale. Iwo eni ake anali ataiwala kuti lilipo. Mwana analipeza n'kumwa. Agogo ake anafuna kumupisa chala kukhosi kuti asanze, koma mayi wina woyandikana nafe anawaletsa, ndipo tinathamanga naye kuchipatala pa njinga yamoto. Kumeneko anatifotokozera kuti mwana amene wamwa petulo kapena palafini sayenera kusanzitsidwa, chifukwa mafutawo akamabwerera amalowa m'mapapo n'kuwawononga. Mwanayo anagonekedwa masiku 3 ndipo anachira. Chimene sindiiwala n'chakuti m'mawa wa tsiku lomwelo bwalo la nyumbayo linali litasesedwa bwino lomwe.

Ndikudziwa zimene ena a inu mukunena: "Ife amphawi titaya chiyani? Chilichonse chidzagwira ntchito tsiku lina." Mukunena zoona. Kuno kunyanja chigubu chakale ndi chuma, botolo ndi chuma, ukonde wong'ambika umamanga mpanda wa dimba. Sindikunena kuti muotche katundu wanu. Ndikunena kuti chinthu chimene mwaiwala kuti muli nacho sichikukuthandizani, koma chingathe kupweteka mwana. Choncho tulutsani zonse panja tsiku limene kwacha bwino, muziike milu itatu: zimene mumagwiritsa ntchito, zimene zingathandize mnzanu, ndi zimene zatha ntchito. Pochita zimenezi yang'anitsitsani zinthu zinayi izi.

Choyamba, mankhwala otsala. Pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi kapepala kapulasitiki kodzaza mapiritsi osadziwika mwini. Munthu wamkulu wodwala malungo amalandira mapiritsi 24 a Coartem, kumwa 4 m'mawa ndi 4 madzulo kwa masiku 3. Ngati mwapeza otsala, ndiye kuti wina m'nyumbamo sanamalize mankhwala ake. Choopsa n'chakuti mwana akatentha thupi usiku timathamangira omwewo, kumupatsa theka la piritsi osamuyezetsa magazi, ndipo timachedwa kupita kuchipatala poganiza kuti wamwa kale mankhwala. Mapiritsi amene asintha mtundu, afumbutuka, apitirira tsiku lolembedwa pa paketi, kapena simukudziwa kuti ndi a matenda anji, apititseni kuchipatala kapena kwa APE wa m'mudzi mwanu. Musawataye kudzala kumene ana amasewera, ndiponso musawaponye m'nyanja. Amene akumwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga ma ARV kapena a chifuwa chachikulu, awasunge m'chitini chotseka, pamwamba, pamalo ouma.

Chachiwiri, zinthu za poizoni. Petulo, palafini, mankhwala a makoswe, mankhwala othira m'chimanga ndi opopera ndiwo zamasamba, zonsezi zisakhale m'botolo la zakumwa kapena pafupi ndi ufa. Zikhale m'chotengera chake, pamwamba pamene mwana safika ngakhale atakwera pampando. Botolo limene munali mankhwala a mbewu lisasanduke losungiramo mchere, mafuta ophikira kapena madzi, ngakhale mutalitsuka motani. Liboolani kuti wina asalitole, mulikwirire m'dzenje lakuya kutali ndi chitsime ndi nyanja. Mabatire otha a tochi ndi wailesi musawaotche, ndipo asasanduke zidole za ana.

Chachitatu, neti. Ambiri tinalandira maneti aulere, koma ena akadali m'mapepala awo pansi pa sutikesi, kudikira mlendo. Ena tawaona kudoko akukokera tinsomba, ena atchinga nkhuku. Neti ikapita kunyanja timaluza pawiri: mwana amagona pamtunda, ndipo maso a netiyo ndi aang'ono kwambiri moti amakokolola ndi ana a nsomba omwe, amene akanadzakhala utaka ndi chambo cha mawa. Miyezi ino ya mvula ndi imene malungo amachuluka. Tulutsani netiyo, muiyanike pamthunzi tsiku limodzi ngati ndi yatsopano, kenako muipachike. Ya zibowo zing'onozing'ono musaitaye, isokeni. Chotsaninso mulu wa zovala ndi makapulana amene apachikidwa pachingwe m'chipinda chogona, chifukwa udzudzu umakonda kubisala masana m'malo amdima otero. Zimene simuvala patsani ena, zotsalazo pindani muike m'thumba lotseka.

Chachinayi, ziwiya za madzi. Tisaiwale kuti mliri wa kolera umene unavutitsa dziko lathu la Mozambique mu 2022 ndi 2023 unayamba kuonekera m'boma lathu lino la Lago, mu Seputembala 2022. Anzathu kutsidya ku Malawi anataya anthu oposa 1,700 pa mliri wa nthawi yomweyo. Kolera sayang'ana kuti pabwalo m'posesa, amalowera m'madzi ndi m'chakudya. Suzumirani m'chigubu chanu cha madzi akumwa. Ngati m'kati mwachita ndere kapena mukuterera, chitsukeni ndi sopo. Chikhale ndi chivundikiro, ndipo kapu yotungira ikhale yakeyake, yosamwera. Ndowa yoviikira chinangwa kapena yotsukira nsomba isakhale yomweyo yosungira madzi akumwa. Madzi a m'nyanja, ngakhale aoneke oyera chotani, aphitseni kapena thiranimoni Certeza monga zalembedwa pabotolo, ndipo dikirani mphindi 30 musanamwe.

Mukamaliza m'nyumba, zungulirani kuseri. Zitini, matayala ndi miphika yosweka zimasunga madzi amvula, choncho zivundikireni kapena zikwirireni. Koma dziwani kuti udzudzu wa malungo umakonda kwambiri zithaphwi zapansi: maenje amene tinaumbamo njerwa, madzi odikha kuseri kwa bafa, ngakhalenso bwato lakale limene lagona kudoko litadzaza madzi amvula. Nyengo yotentha ngati yathuyi dzira la udzudzu limasanduka udzudzu wouluka pasanathe milungu iwiri. Kwirirani maenjewo, tsegulani ngalande, bwatolo ligadabuzeni.

Mawu anga otsiriza apite kwa inu abambo. Ntchito imeneyi musaisiyire amayi okha ponena kuti za m'nyumba ndi zawo. Petulo, mabatire, mbedza ndi mankhwala a mbewu kawirikawiri amabwera nazo ndinu, ndipo ndinu amene mukudziwa pamene munaziika. Mutu umodzi susenza denga.

Ndiye Loweruka likubwerali, musanagwire tsache, chitani chinthu chimodzi chimene ena angakusekeni nacho. Gwadani pansi pakati pa nyumba yanu, maso anu akhale pamene pamakhala maso a mwana wokwawa, muyang'ane mbali zonse. Chilichonse chimene mwachiona ndipo simungalole kuti chilowe m'kamwa mwake, chichotseni tsiku lomwelo. Alamu anga anachita zimenezi atabwerako kuchipatala, ndipo anapezanso botolo lina lachiwiri kunsi kwa bedi. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Inu musadikire kuti muyambe mwathamangira kuchipatala.

Ndikufunirani chaka chabwino, cha thanzi m'nyumba monse.