Penshoni ya bwana DC inali ndi cishango, ya makolo athu ilibe

Tikamakangana pa Facebook za kugwa kwa kwacha, timaiwala kuti ena vutoli analithawa kalekale ndi siginecha cabe. Zambia polandira ufulu mu 1964 inasaina ndi Britain pangano la Public Officers Agreement. Ma DC, apolisi ndi mabwana ena acizungu amene anatumikira Northern Rhodesia anayenera kulandirabe penshoni kucokera m'thumba la Zambia, ndipo akabwerera kwawo, alipidwe m'mapaundi pa mtengo wosinthira wa tsiku la ufulu. Ndalama yathu igwe, isagwe, bwana ku England analibe nazo kanthu.

Awa ndi anthu omwe aja ankazungulira midzi ya cigawo ca Fort Jameson kulemba maina a msonkho, msonkho umene unathamangitsira agogo athu a ku Zemba ku mapulazi ndi migodi ya Southern Rhodesia. Wokhometsedwa msonkho ndiye anapatsidwanso bilu ya ukalamba wa wokhometsa! Nyerere anaikana bilu yotere mu 1968, Britain n'kumudulira thandizo. Sipanapite zaka zambiri, London inavomera yokha kusenza mapenshoniwo, ndipo Overseas Pensions Act inadutsa mu 1973. Ndiye kuti ankadziwa bwino mwini ngongoleyo.

Manje tibwere kwathu. Kwacha inabadwa mu 1968 ili yamphamvu kuposa dola. Pofika 2012 dola imodzi inkagulidwa pafupifupi K5,000, mpaka mu 2013 tinangofafaniza maziro atatu. Aphunzitsi ndi manesi amene anakalambira pa nchito ku Chadiza palibe anawalonjeza mtengo wa tsiku lililonse. Article 189 ya malamulo a dziko imati wopuma akhalebe pa malipiro mpaka atalandira zake. Cabwino. Koma ndalama yaikulu ija ikacedwa zaka, imafika itaonda: malata ndi simenti zimene bambo anawerengera tsiku lopuma sizikwananso, feteleza osanena. Ndipo amene timatseka dzenjelo ndi ife ana awo a m'tauni, pa mobile money.

Ena amati boma lilibe ndalama. Mu 1964 linali ndi zocuruka bwanji, dziko lili ndi omaliza yunivesite pafupifupi 100 okha?

Sitikupempha mapaundi. Tikufuna lamulo lakuti boma likacedwa kulipira wopuma, liwonjezere molingana ndi kukwera kwa mitengo, kuwerengera kuyambira tsiku limene anasiya nchito. Aphungu a ku Chadiza akabwera kudzapempha voti, tiwafunse ngati adzalipititsa ku Manda Hill.